Khola la Akavalo ndi Madzi a Maliro

Lusiya, Joni ndi iwe Chikondi, mwakhala mukundiseka chifukwa cha madilamu awiri amene ali kuseri kwa nyumba kuno ku Chonde. Mumati ndi misala ya ukalamba kusunga madzi odzaza ndi kuwavundikira pamene mjigo uli pafupi, ndipo zidzukulu zimadziwa kuti wotungamo aonana nane. Sekani ndithu. Koma gawo ili la mbiri yanga muliwerenge mpaka kumapeto, chifukwa mpaka lero alipo anthu amene amati bambo anu anachotsedwa ntchito pa esiteti chifukwa chopha kavalo wa mzungu ndi ulesi. Bodza limenelo sindikufuna kupita nalo kumanda.

Chaka chimene ndinalembedwa ntchito

Ndinapita pa esiteti ya tiyi kukafuna ntchito yothyola masamba ngati wina aliyense. Kapitawo atandiyang'ana anati ndine wamtali kwambiri, msana undithyoka ndi kuwerama, ndipite ku khola la akavalo kukufunika wowola ndowe. Chibadwire ndinali ndisanaonepo kavalo. Nditaona woyamba akupukusa mutu ndi kumina ngati munthu wa chimfine, ndinathawira kuseri kwa wilibala, ndipo mkulu woyang'anira kholalo, Che Amidu, Myao wa ndevu zoyera, anaseka mpaka kukhala pansi. "Mwanangu, ameneyu saluma munthu wofatsa," iwo anatero akupukuta misozi. "Mdani wako pano si kavalo ayi, ndi dzuwa. Ukaligonja dzuwa, ntchito ulibe."

Kholalo linali la matabwa a mkungudza ochokera m'phiri, aja chiswe sichidya, ndipo denga lake linali la udzu, lalitali ngati la tchalitchi. Matabwa a m'mwamba anawakhoma motalikirana kuti mpweya wotentha uzitulukira m'mipatamo. Zitseko zinali zodula pakati, cham'munsi chotseka, cham'mwamba chotsegula kuti kavalo azisuzumira panja. Nyengo yotentha ikafika, Che Amidu anandiphunzitsa kupachika ziguduli zonyowa pa mawindo a mbali yochokera mphepo, kuti mphepoyo ikadutsa pa chiguduli izilowa yozizira. Anandiphunzitsa kuwola ndowe dzuwa lisanakwere, chifukwa ndowe zikasakanikirana ndi utuchi wonyowa zimafuka kutentha. Anandiphunzitsanso kusambitsa kavalo wotenthedwa: kuyambira kumiyendo, kukwera pang'onopang'ono, mutu pomaliza, kenako n'kupala madziwo ndi kathabwa kuti asatenthere pathupi.

Ife antchito tinkakhala ku malayini, m'tinyumba ta chipinda chimodzi ta malata aafupi, toti munthu wamtali ngati ine ukakweza dzanja umapsa chala. Masana ndinkakonda kugona m'khola pa udzu wa akavalo chifukwa ndi malo okhawo amene munthu ankapuma bwino. Ndinali mnyamata, ndiye ndinkaona ngati mwayi. Sizinandibwerere m'mutu kufunsa chifukwa chake nyama ili ndi mawindo anayi pamene banja la anthu lili ndi kabowo kamodzi.

M'zaka zimenezo kunabadwa kamwana ka kavalo kakakazi, kofiirira, ka banga loyera pamphumi. Azungu anakatcha Dachesi. Kanabadwira m'manja mwangamu, ndine ndinakapukuta ndi chiguduli, ndipo kanakula kakunditsatira ngati mbuzi yoleredwa pakhomo. Che Amidu atapuma ntchito n'kubwerera kwawo, khola lonse linatsala m'manja mwanga. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti Dachesi ndinkamukonda. Aliyense wonena kuti ndinamupha dala, pakamwa pake pamutsutse.

Chaka cha malata

Pofika nthawi imeneyi n'kuti nditakwatira amayi anu, Esinati, ndipo iwe Lusiya unali ukukwawa. Tinkakhala ndi apongozi anga, anganga anu aNachuma, amene anawoloka kuchokera ku Mozambiki ali kamtsikana n'kuthyola tiyi pa esiteti yomweyo mpaka zala zinapindika. Anali munthu wa ukhondo wodabwitsa. Ngakhale kuzizire bwanji ankasamba m'mawa ndi madzulo, ndipo akaona mwana wa mamina ankamukalipira m'Chilomwe mpaka mayi wake kubisala. Ine ankandinena kuti ndimanunkha kavalo, ndipo sankalola kuti ndikhale pa mkeka wawo ndisanasambe m'manja ndi sopo.

Udzu wa denga la khola unawola, ndipo udzu wabwino wofolera unayamba kusowa chifukwa paliponse panali tiyi kapena minda ya anthu. Bwana watsopano, amene tinkamutcha Chipewa chifukwa sankachivula ngakhale m'ofesi, analamula kuti akhome malata. Ndisanamizire, inenso ndinasangalala, ndinatopa ndi kukwera padenga chaka ndi chaka. Koma Okutobala atafika khola linasanduka uvuni. Tinapaka malatawo layimu kuti ayere, tinazula matabwa ena kuwonjezera mipata, koma masana ukalowa umamva matabwa akulira tha! tha! ndi kutentha. Pamenepo Chipewa anaitanitsa mapaipi. Anayala paipi yoboolaboola pamwamba pa denga, kuyambira uku mpaka uko, kuti madzi azidontha pamalata n'kumatsikira pa ziguduli. Nzeruyo inagwira, m'khola munayambanso kuzizira.

Koma madziwo ankachokera kuti? Ankachokera m'thanki imodzi yomweyo ya pamtunda, imene inkalandira madzi a kamtsinje ka m'phiri n'kumwetsa malayini onse. Pansi pa thankiyo paipi inagawikana pawiri, ina ya ku khola, ina ya ku mpope wathu. Pamphambano pake anaikapo valavu, chitsulo chozungulira chimene ukachipotoza uku madzi amapita kwa akavalo, ukachipotoza uko amapita kwa anthu. Anachitsekera m'kabokosi ka loko, ndipo kiyi anandipatsa ine. Zaka za mvula yabwino panalibe vuto, madzi ankakwanira mbali zonse.

Dachesi naye anali atakula, ndipo anagwidwa ndi vuto limene limagwira akavalo ena kumalo otentha: anasiya kutuluka thukuta. Anzake akamanyowa ndi thukuta iye khungu lake limakhala louma gwa, akupuma mwawefuwefu ngati galu. Moyo wake m'nyengo yotentha unali pa madzi a padenga aja ndi pa ndowa yanga.

Okutobala wa chilala

Patapita zaka zingapo, nonse atatu mutabadwa, mvula inadula msanga, ndipo kamtsinje ka m'phiri kanatsala ngati mkodzo wa mwana. Thanki sinkadzazanso. Chipewa anandiitana n'kunena kuti kuyambira dzuwa likakwera mpaka litapendeka madzi onse azipita ku khola, anthu azitunga m'mawa ndi madzulo. Pepala lililonse panalibe, anangonena ali chiimire, dzanja lili m'thumba.

Madzi a m'mawa ankatha mzere usanafike pakati. Kumunsi kwa thanki kamtsinje kanali kouma chifukwa madzi onse tinawatchinga ife. Kotsala kunali chithaphwi china chakutali kumalire a esiteti, chobiriwira, chomwera ng'ombe za anthu a m'midzi. Amayi ankakhala pa mpope wouma ndi zidebe zawo, ndipo chapatali ankaona denga la khola likunyezimira, madzi akuyenderera pamalata n'kumagwera pansi. Ine ndikamadutsa, nkhani zinkaduka. Wina ankati, "Apatukireni njira amuna awo a Dachesi adutse." Wina n'kuyankha, "Tikanabadwa ndi michira, amwali, bwenzi tikusamba." Amayi anu anasiya kupita pa mpope masana chifukwa cha manyazi. Tsiku lina anandifunsa, "Bambo a Lusiya, kodi kiyi ameneyu sakutenthani m'thumbamo?" Ndinawakalipira kuti ufa umene akuphikawo wagulidwa ndi kiyi yemweyo. Zinali zoona, ndipo ndi chimene chinkandiwawa.

Nditakadandaula kwa Chipewa anati mvula ili pafupi, anthu apirire. Munthu ameneyu musamuyese mlendo wosadziwa kanthu ayi. Anabadwira m'dziko muno, analeredwa ndi mayi wachilomwe, ndipo Chichewa ankachilankhula kuposa ena a inu. Ankadziwa bwino lomwe kuti madzi ndi chiyani pa khomo la munthu.

Tsiku la maliro

Anganga anu anadwala masiku owerengeka chabe. Anamwalira m'bandakucha m'kanyumba kathu kaja, ndipo pofika m'mawa anthu anali atadzaza pabwalo. Uthenga unawoloka malire, abale anayamba kufika pa njinga. Madzi ochepa amene amayi anatunga m'mawa anathera pa kumwetsa anthu ndi kutereka miphika. Ndi kutentha kumene kunalipo, thupi silikanagona, ankayenera kuikidwa tsiku lomwelo. Ndipo inu mukudziwa kuti munthu saikidwa asanasambitsidwe.

Ine monga mkamwini ndinali pa kalikiliki, uku nkhuni, uku kukaonana ndi adzukulu okumba manda. Dzuwa litakwera ndinathamangira ku thanki n'kupotozera madzi ku khola monga mwa masiku onse, manja akuchita okha. Nditabwerera, mayi wamkulu wosambitsa maliro, aNaphiri, anandiitanira pambali. Pafupi nawo panali chidebe cha madzi amene atsikana anakatunga ku chithaphwi chija, obiriwira, muli tizilombo tikusambira.

"Akamwini, tayang'anani umu," anatero aNaphiri motsitsa mawu. "Mayi awa ankasamba kawiri pa tsiku moyo wawo wonse. Ndiwasambitse ndi mikodzo ya ng'ombeyi? Manja angawa akana."

"Ndipita kwa bwana, amayi," ndinatero.

"Pitani. Koma madzi sali kwa bwana. Ali m'thumba la kabudula wanuyo."

Ndinamupeza Chipewa pakhonde la ofesi. Ndinavula chisoti, ndinafotokoza zonse: kuti apongozi anga atisiya, kuti thupi lili m'nyumba ya malata, kuti ndikupempha madzi a tsiku limodzi lokha, anthu asambitse malemu, aphike, asambe m'manja pobwera kumanda. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anati pepani, anatinso esiteti ipereka thirakitala yonyamula bokosi. Koma za madzi anati ndidikire dzuwa lipendeke. Ndinati, "Bwana, dzuwa likamapendeka tikhala tili kumanda." Anayang'ana kumwamba, kenako anandiyang'ana ine, n'kunena mofatsa ngati akundiphunzitsa chinthu chothandiza:

"Dayitoni, womwalira samva kutentha. Akavalo amamva."

Ana anga, ndakhala ndi moyo zaka zambiri, ndatukwanidwapo, ndamenyedwapo, koma palibe mawu amene anandiwotcha ngati amenewo. Akanakhala kuti anakalipa bwenzi ndaiwala. Koma ananena mwaulemu! Mayi amene anapinda zala zake pa tiyi wa esiteti imeneyo kuyambira utsikana, pa tsiku lake lomaliza anamuika pa sikelo ndi nyama, ndipo nyama inalemera.

Ndinavalanso chisoti changa. Ndinapita ku khola. Ndinkadziwa chimene ndikufuna kuchita ndipo ndinkadziwa mtengo wake: ntchito, nyumba ya kampani, ndi inu ana atatu opanda pogona. Akavalo enawo ndinawatulutsa n'kuwamangirira pansi pa mibawa. Dachesi sakanatha kuyenda, chiboda chake chakutsogolo chinali chotupa kuyambira sabata yapitayo, ndipo nditamukoka anangobuula n'kukana. Ndinamusambitsa thupi lonse, ndinanyowetsa ziguduli mpaka kudontha, ndinatsegula zitseko zonse, ndinamuikira ndowa zodzaza. Anandinunkhiza m'khosi monga ankachitira. Ndinamuuza kuti, "Mayi, pirira, ndibwera msanga." Wondithandiza panalibe, aliyense anali kumaliro. Kenako ndinakwera ku thanki, ndinatsegula loko, ndi kupotoza valavu yonse mpaka inakana.

Ndisanafike ku malayini ndinamva phokoso la zidebe. Palibe amene anaimba nthungululu, anali maliro, koma amayi anandipatukira njira mwakachetechete. ANaphiri anatenga beseni la madzi oyera ndi sopo watsopano n'kulowa m'nyumba. Atatuluka anangondiuza kuti, "Agona bwino tsopano." Amayi anu anandiyang'ana kamodzi kokha n'kuweramanso.

Ndinkaganiza kuti ndizemba mwambo uli pakati n'kukabweza madzi. Koma mkamwini angachoke bwanji apongozi ake asanatsitsidwe? Abale a ku Mozambiki anachedwa, abusa analalika motalika, manda anali kutali. Ndinaima pa dzuwa limenelo ndikuimba nyimbo ndi pakamwa, mtima uli pa malata akuuma. Dothi lomaliza litaponyedwa ndinathamanga osayang'ana m'mbuyo.

Khola ndinalipeza likufuka. Ziguduli zinali zitauma gwa, ndowa imodzi itagubuduzika, ndipo Dachesi anali atagona cham'mbali, maso ali tong'o, nthiti zikukwera ndi kutsika. Ndinabweza madzi, ndinamuthira kuyambira kumiyendo, ndinamuitana maina onse amene ndinkamuitana ali kamwana. Anatukula mutu kamodzi. Dzuwa lisanalowe anatsirizika, mutu wake uli pa miyendo yanga. Kumanda kwa apongozi anga sindinalire, mwamuna ndinadzigwira. Ndinalirira m'kholamo, ndipo sindikudziwa kuti ndinkalira yani.

M'mawa mwake

Chipewa sanakalipe. Analamula kuti akumbe dzenje pansi pa mbawa waukulu, ndipo okumbawo anali amuna omwe aja amene dzulo lake anakumba manda a anganga anu, matuza asanaphwe m'manja. Kukumba dzenje la kavalo m'nthaka youma si masewera, linatha dzuwa lili pamutu. Dona, mkazi wa bwana, anabwera maso ali psuu ndi kulira. Ataona thupi la Dachesi lili ndi fumbi, ndowe ndi utuchi, anati sangaikidwe chonchi, asambitsidwe kaye. Ndipo Chipewa, munthu yemwe uja, anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Dayitoni, lumikiza paipi, umusambitse."

Anthu inu! Dzuwa lili pamutu, mpope wa ku malayini uli wouma, anamfedwa ali pa siwa opanda madzi akumwa, ine ndinaima ndi paipi ndikusambitsa mtembo wa kavalo. Okumba aja anaima ndi makasu awo akuyang'ana madzi akulowa m'nthaka. Ndinamusambitsa bwino, musakayike. Iye analibe mlandu. Ndinayambira kumiyendo monga anandiphunzitsira Che Amidu, ndinatsuka banga loyera la pamphumi, ndinapesa mchira. Nditamaliza ndinaika paipi pansi, ndinatulutsa kiyi m'thumba, ndi kuyenda mpaka pamene panaima Chipewa.

"Bwana," ndinatero mokweza kuti aliyense amve, "uyutu naye sakumva kutentha."

Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Dona anafunsa kuti ndanena chiyani, koma iye sanamumasulire. Anangotambasula dzanja n'kulandira kiyi. Sabata isanathe tinali titatulutsidwa m'nyumba, katundu ali pa ngolo, iwe Chikondi uli kumbuyo kwa amayi ako. Chifukwa chimene analengeza chinali chakuti ndinasiya nyama za kampani osazisamala. Za maliro sanatchule n'komwe.

Lero, ku Chonde

Tinavutika, zimenezo mukuzikumbukira nokha. Ndinanyamulapo katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula mpaka mawondo anakana, kenako ndinapeza ulonda pa sitolo kuno ku Chonde, ndipo ndi ntchito imene ndapumira. Amayi anu sanandidandaulepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene tinkagona ndi njala. Ndinamva kuti chaka chotsatira anakumba mjigo ku malayini. Ena amati ndi chifukwa cha ine. Ine ndimati zikutanthauza kuti akanatha kuukumba kalekale, ndipo zimenezo zimangondiwonjezera ukali. Akavalo anatha, khola analiphwasula, matabwa a mkungudza aja anakakhomera mashelefu m'nyumba za mabwana. Pamene anagona Dachesi pali simenti ndi dzina lake. Pa manda a anganga anu mtanda tinakhoma tokha.

Abusa andiuzapo kangapo kuti ndikhululuke. Ndayesa. Kuchotsedwa ntchito ndinakhululuka, nyumba ndinakhululuka. Koma kuti anandiimika pakati pa mayi amene anandiberekera mkazi ndi nyama imene ndinailera ndi manja anga, n'kundipatsa kiyi kuti ndisankhe ndekha, pamene iye akumwa tiyi pakhonde, chimenecho chikukanabe kutsika.

Ndiye madilamu aja musawaseke. Mjigo umawonongeka, mpope umatsekedwa ndi munthu amene ali ndi kiyi. Ine ndimasintha madziwo ndekha, ndimatsuka madilamuwo ndi kuvundikira bwino. Limodzi ndi la amayi anu, linalo ndi langa. Tsiku lathu likadzafika, kaya kudzatenthe bwanji, pasadzapezeke mwana wanga kapena mkamwini wanga atavula chisoti pakhonde la munthu kupempha madzi otisambitsira.